Ezeliya, Woperekeza Wotopa Msanga

Mukafika pa Namitete n'kufunsa munthu woti akuperekezeni kuphiri, akutchulirani Ezeliya, kenako aseka pang'ono. "Njira ndiye amazidziwa mayiwo, koma konzekani kukhalakhala pansi. Sayenda kamtunda osadandaula bondo." Mawu amenewa amanyansa kumva, makamaka poti ambiri mwa osekawo sanakwerepo ngakhale chulu.

Ezeliya anabadwira pa esiteti ya fodya. Makolo ake anachokera ku Phalombe kudzagwira utenanti, ndipo sanabwererenso kwawo. Sukulu anailekeza panjira chaka chimene matalala anaboola fodya yense, ndiye kuyambira pamenepo phiri la kuseri kwa mudzi, chakumphepete kwa Dzalanyama, linasanduka munda wake. Dzinja ankazula bowa ndi kutola masuku, chilimwe nkhuni ndi udzu wofolera. Anakwatiwa ndi Patson, yemwe anapita ku Joni kukasaka maganyu n'kungoti zii mpaka lero. Ana ake anawalera ndi mtolo wa pamutu.

Zoperekeza anthu zinayamba mwangozi. Tsiku lina akutola nkhuni anapeza amayi a m'tauni omwe anabwera kudzapemphera m'phiri opanda wowatsogolera. Gulu linali litabalalika, ena atasokera kukhwawa, ena atadutsa m'chitedze n'kumadzikanda ngati alodzedwa. Ezeliya anawasonkhanitsa mmodzimmodzi n'kutsika nawo. Mbiri inafalikira, ndipo masiku ano Loweruka silidutsa popanda kagulu ka anthu ogwirizana, aphunzitsi, anamwino kapena achinyamata a nsapato zatsopano, kufika pakhomo pake.

Amadziwa pamene pali kasupe wosaphwa, mtengo umene muli njuchi zolusa, ndi thanthwe limene limaterera ngakhale kunja kuli gwa. Lamulo lake lodziwika ndi loti woyenda pang'onopang'ono ndiye atsogole, kuti pasapezeke wotsalira yekha. Koma ali ndi lamulo lina limene sauza munthu: iye safunsa kuti "mwatopa?" Munthu wa kuno, makamaka pamaso pa anzake, ukamufunsa choncho ayankha kuti "ayi, tili bwino" ngakhale mpweya ukumuthera. Bambo wina anamuyankhapo chomwecho, kenako n'kukomoka panjira. Chichokereni tsikulo Ezeliya amangoyang'ana. Akaona wina wasiya kucheza, mapazi ayamba kukhwekhwereza, iye amagwira bondo lake n'kunena kuti, "Pepani anthuni, bondo langali layamba, tikhaleko pansi." Onse amapuma, ndipo manyazi amasenza ndi iyeyo.

Chaka chino, anthu atangotha kukolola, kunabwera Veronica. Ameneyu ndi mnzake wa paubwana, anakulira limodzi m'timanyumba ta matenanti, koma iye anakwatiwa ku Msundwe komwe ali ndi nyumba ndi munda wa mtedza. Chaka chatha anadwala sitiroko, mwendo wamanzere n'kutsala wolemera. Mwana wake Harrison, yemwe amagwira ntchito m'tauni, anali atagamula kale kuti mwezi ukatha abwera ndi galimoto kudzatenga mayi ake, munda aubwereketse kwa ena.

"Wandiuza kuti sindingafike ngakhale kudimba," anatero Veronica atakhala pamkeka. "Ine ndamuuza kuti ndimutumizira chithunzi ndili pamwamba pa phiri lija tinkatolako masuku. Waseka, akuti ndikatero andisiya pakhomo panga. Kuchipatala anandiuza kuti ndiziyenda, ndipo ndakhala ndikuyenda. Iwe Ezeliya, kukakhala m'nyumba ya mpanda n'kumayang'ana wailesi ya kanema tsiku lonse, ine ndikafera kumeneko."

Ezeliya anayang'ana mwendowo nthawi yaitali. Mantha anali nawo, osati pang'ono. Koma anangoti, "Ubwere Loweruka m'mamawa, ndikudulira ndodo ya nsungwi."

Veronica anabweradi, pamodzi ndi anzake a kwaya ya amayi. Ali m'munsi mwa phiri, Lydia, mtsogoleri wa kwayayo, anakokera Ezeliya pambali. "Amayi, tisawazunze amake Harrison. Tikangofika pamwala woyamba uja tiwajambule basi. Mwana wa m'tauni angasiyanitse mwala ndi mwala?"

"Harrison sangasiyanitse," anayankha Ezeliya, "koma amake asiyanitsa."

Ananyamuka kukadali kachisanu, Veronica patsogolo ndi ndodo yake, Ezeliya pambuyo pake penipeni, botolo la madzi la mnzakeyo ali nalo iye. Poyamba amayiwo ankayimba, koma phiri silikonda nyimbo, posakhalitsa zinatha zokha. Asanafike n'komwe pamitengo ya masuku, Ezeliya anamva ndodo ya nsungwi ikugunda pansi molemera. Anagwira bondo. Onse anakhala pansi. Atayendanso pang'ono, bondo linayambanso. Pakasupe linayambanso, ndipo anakhalitsa.

Janet, wa mawu okweza kwambiri m'kwayamo, analephera kupirira. "Kodi anzanga, taperekezedwa kapena ndife tikuperekeza?" Amayi anaseka mpaka kugwirana. Ezeliya anaseka nawo, koma mawuwo anamubaya ndithu. Analoza patchire. "Apo musayandikire, ndi chitedze icho."

Dzuwa litafika pamutu anakumana ndi thanthwe lomaliza, lotsetsereka, lopanda pogwira. Veronica anaima. Mwendo wodwala uja unkanjenjemera poonekera, ndipo Lydia anamufunsa funso lija Ezeliya safunsa. "Mwatopa eti, amake Harrison?"

"Ayi, ndili bwino," anatero Veronica, milomo itauma.

Ezeliya anamasula chitenje chake chapamwamba. "Ine apa pokha sindikwera ndekha, bondoli lingandigwetse. Masulani zitenje, tilumikize chingwe, mundikoke." Janet anang'ung'udza, koma anamasula. Anamanga mfundo, Janet ndi Lydia n'kukwera kaye kukagwira nsonga pamwamba. Veronica anagwira chingwecho, poti aliyense ankagwira, ndipo Ezeliya anabwera pambuyo pake, phewa lake litatsamira m'chiuno mwa mnzakeyo. Ankakankha mwakachetechete, thupi lonse la Veronica lili pa iye, uku akufuula kuti, "Kokani, anthuni, ndikuterereka!"

Anafika. Kunsi kunkaoneka zigafa za fodya, minda yokololedwa, ndi malata a pa Msundwe akunyezimira m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji. Veronica anaponya ndodo pansi n'kuima yekha, manja m'chiuno, misozi ikutsika osaipukuta. Lydia anajambula, n'kuyendayenda ndi foni m'mwamba mpaka chithunzi chinapita kwa Harrison. Anadya mbatata yootcha ndi mtedza, aliyense akuba maso kuyang'ana foniyo. Yankho litabwera, Lydia anawerenga mokweza: "Amayi, mwandigonjetsa. Mbewu ya mtedza ndibweretsa ndine." Nthungululu zinamveka mpaka kukhwawa.

Potsika ndi pamene zinavuta. Kukankha kuja kunali kutapotokola bondo la Ezeliya, lomwe lija wakhala akulinamizira zaka zonsezi. Tsopano linkapweteka zenizeni, phazi lililonse ngati waponda minga. Koma dzuwa linali litapendeka, ndipo anaona kuti wakhazika kale anthu pansi mokwanira. Akananenanso za bondo, Janet akanaseka. Choncho analuma mano, nasiya kuyankhula. Lydia atamucheukira n'kufunsa ngati zili bwino, anayankha ngati munthu wina aliyense wa kuno. "Ayi, tili bwino."

Veronica, yemwe anali patsogolo, sanacheuke. Anangomvetsera mapazi a kumbuyo kwake akukhwekhwereza m'masamba ouma. Atafika pamthunzi wa msuku anaima, ngakhale ankapuma bwinobwino ndipo ndodo inali itayamba kumupepukira.

"Anthuni, ine ndatopa," anatero mokweza kuti onse amve. "Mwendo wangawu wayamba. Tikhale pansi, ndipo tikhalitse."

Palibe anaseka. Amayi anakhala pansi, Veronica n'kudzakhala pafupi ndi Ezeliya. Anamasula kansalu ka kumutu kwake, nakanyowetsa ndi madzi otsala m'botolo, n'kuyamba kumanga bondo la mnzakeyo. Janet anayang'ana bondo lotupalo, nayang'ana thanthwe lija kumtunda, kenako anatola ndodo ya nsungwi n'kuiika pamiyendo pa Ezeliya.