Mfuti ya Penti ndi Alamu Anga

Alamu anga anamenya mlongo wanga mbama m'khitchini mwawo ku Thamesmead, mu London, ine ndili pomwepo ndikutsuka kapu. Mlandu wake unali woti wachedwa pochokera ku shifiti kuchipatala. Ndinaika kapuyo pansi. Iwo anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Tandikhudzani, asilikali. Ndiimbira apolisi, tione ngati viza yanuyo ipulumuke."

Ankadziwa pondigwira. Kwathu ndinali msilikali, koma kuno ndinkasambitsa agogo m'nyumba yosamaliramo okalamba, ndipo mapepala anga anali asanalongosoke. Ndinatuluka n'kukakwera basi.

Patapita miyezi, abambo a kutchalitchi kwathu anakonza zokasangalala kunkhalango ina kupitirira Romford, kumene anthu amawomberana ndi mfuti za penti. Zipolopolo zake ndi timipira tofewa todzaza penti, timene timaphulika tikakumenya. Nditamva kuti alamu apita nawo, ndinasinthana shifiti ndi mnzanga. Titafika ndinadikira kuti asankhe gulu lawo, ine n'kulowa linalo.

Wezulo italira ndinagona chafufumimba kuseri kwa chitsa, monga anatiphunzitsira ku usilikali. Ngakhale tonse tinavala zigoba kumaso, alamu ndinawazindikira ndi mimba. Ndinaloza pachifuwa, ndinagwira mpweya, n'kuwomba. Kampirako kanauyamba bwino ulendo, kenaka kanakhota kokha n'kukaphulikira pamtengo. Kena kanagwera m'masamba. Kena kanakapeza mkulu wa mpingo amene sanandilakwire kanthu.

Nthawi yopuma ndinamasula paipi ya mfutiyo n'kuisuzumira powala. Inali yosalala ngati paipi ya madzi. Paipi ya mfuti yeniyeni imakhala ndi timizere topotana mkati, timene timazunguza chipolopolo potuluka, ndiye chimalunjika ngakhale patali. Mzungu woyang'anira masewerawo anandiona nditakwinya nkhope. Anati timizere sitingathandize kwenikweni, chifukwa kampirako n'kopepuka, mkati muli zamadzimadzi, ndipo sikobulungira bwino, moti mphepo imangokakankha mmene yafunira. Chachikulu, anatero, n'chakuti kampira kakwane bwino m'paipi, kasamagwedere. Kenaka anaseka. "Ukufuna kumenya munthu? Msendere pafupi."

Ndinamvera. Titabwerera m'bwalo sindinawombere aliyense. Ndinakwawa m'matope ndi m'zitsamba zoyabwa, kuzungulira mpaka kumbuyo kwa gulu lawo. Alamu anali atagwada kuseri kwa migolo, akuwombera chisawawa uku akukuwa kuti, "Bwerani, bwerani!" Lamulo linali loti ukamufika munthu pafupi choncho umuuze agonje, usamuwombere. Ine ndinangoti, "Alamu."

Atatembenuka ndinayamba. Pantchafu, pamimba, pankhwapa, padzanja. Anakweza manja akukuwa, "Ndafa kale! Ndafa kale, iwe!" Anagwa chagada n'kuyamba kugubuduka, ine kuwatsata mpaka mfuti inayamba kutulutsa mpweya wokhawokha. Pansi ponse panali penti yachikasu.

Mzungu uja anandilanda mfuti n'kunditulutsa m'bwalo nkhope itafiira. Ndinakakhala poimika magalimoto ndikudya buledi amene ndinatenga. Sindikumbuka tsiku lina ku London limene chakudya chinandikomera chotero. Mkulu wa mpingo anabwera akupukusa mutu.

"Achimwene, amene aja ndi masewera."

"Inde, abambo. Ndimasewera basi."

Alamu anatuluka akutsimphina. Anthu anawafunsa kuti tinayambana chiyani. Akanayankha bwanji? Pobwerera anakwera galimoto ina.

M'mawa mwake mlongo wanga anandiimbira foni ali pabasi yopita kuntchito.

"Achimwene, mwawatani alamu anu? Thupi lonse latupa zigamba zakuda, nsapato akulephera kumanga."

"Timasewera."

Kenaka anafunsa, injini ya basi ikumveka pafoni:

"Zimapweteka kwambiri?"

"Ukakhala pafupi, kwambiri."

"Chabwino," anatero. "Ndafika, nditsike."