Achemwali, Kemisitiri ija ndi matemba a ku Chiuta

Lero pamsika wa Nselema ndadutsa pomwe amagulitsa matemba ouma, fungo lake landikumbutsa inu, achemwali anga. Ndakumbuka holide ija ndinabwera kunyumba ku Chiuta nditalephera Kemisitiri ku koleji ya unamwino. Phunzirolo ndinkadana nalo ndi mtima wonse. Anandipatsa mwayi umodzi wolembanso, ndikalephera basi, sukulu yathera pomwepo. Munandipeza nditakhala pansi pa thandala loyanikapo nsomba, ndikuloweza buku ngati nyimbo. Munati, "Tseka bukulo, undiphunzitse ineyo." Ndinaseka, poti inu sukulu munalekezera Sitandade 4. Koma ndinayamba. Ndisanafike patali munandidula, manja ali kalikiliki kutembenuza matemba: "Iyayi, chimenecho ndi Chizungu chabe. Ngati sungandiuze m'Chichewa, ndiye kuti nawenso sunamve. Bwereza." Ndinapsa mtima, ndinakatsegulanso buku, n'kubwerera. Munandibweza kangapo mpaka dzuwa linapendeka. Pomaliza munagwedeza mutu n'kunena kuti, "Ehee, tsopano ndamva. Kani nkhani yake ndi ya mchere ndi madzi basi?"

Mayeso aja ndinakhoza, achemwali, ndipo mpaka lero chilichonse chovuta ndimayamba ndadzifotokozera mokweza m'chinenero chathu, ngati mwaima pambali panga. Chimodzi chokha chandikanika. Za kupita kwanu adokotala anafotokoza, abusa anafotokozanso pamaliro, m'Chichewa chomveka bwino. Koma ine sindinamvebe, ndipo woti ndimuuze kuti "bwerezani" palibe. Usani mumtendere.