Tsiku limene achemwali anaoneka chadodolido pakhoma

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndili Fomu 1, pamene pulojekita, makina oonetsa kanema pakhoma, inalowa m'nyumba mwathu ku Kawale. Inakhalamo maola atatu okha, Loweruka masana. Kalata yobwerekera ndikuisungabe, monga ndimasungira pepala lililonse lodutsa m'manja mwanga, ndipo imanena poyera kuti katunduyo abwezedwe isanakwane folo koloko. Ndikulemba izi kalatayo ili patebulo, kuti wina asadzanene kuti ndathira nsinjiro.

Bambo anga anali telala, koma matenda a shuga anawalanda maso pang'onopang'ono mpaka makina osokera anasanduka poikapo mabeseni. Chaka chimenecho miyendo inali itatupa, ndipo kuchoka pabedi kufika pakhomo unali ulendo. Zinthu zazikulu ndi zowala ankaziona, zazing'ono ayi. Achemwali anga a Esinati, amene anakwatiwa ku Joni, anali atabereka mwana wamwamuna, mdzukulu woyamba wa bambo. Kubwera sakanatha. Anatumiza kaseti ya vidiyo ya tsiku la ubatizo kudzera mwa munthu wina wobwera pa basi. Titaiika pa kanema wa aneba, bambo anasendeza nkhope mpaka mphuno kukhudza galasi, koma anati akungoona nyerere zokhazokha.

"Akuti mwanayo watengera makutu anga," ankatero. "Ndingowaona makutuwo basi, kenako Mulungu achite zake."

Amalume a Filipo, mlongo wawo wa mayi, anali mesenjala ku bungwe lina lophunzitsa anthu zaumoyo. Bungwelo linali ndi makina oponya chithunzi pakhoma, chachikulu kuposa chitseko. Amalume anapempha miyezi iwiri yathunthu mpaka bwana wawo analola. Zimenezi sindiwamana, anayesetsa.

Tinatseka mazenera ndi mabulangeti, tinakhoma nsalu yoyera ya pabedi kukhoma, tinabwereka deki yoseweretsa kaseti. M'nyumba munatentha ngati mu uvuni, munkanunkha thukuta ndi mafuta odzola. Azakhali a Nabanda, mlongo wawo wa bambo, anabwera kuchokera ku Chinsapo. Aneba anadzaza mpaka pakhomo. Bambo anametedwa ndevu, anavala jekete yomwe anasoka okha, ndipo anawakhazika pampando wakutsogolo atawatchinjiriza ndi mapilo.

"Abwana anena batani limodzi lokha, lofiirali," amalume analengeza. "Wokhudza lina akagona kupolisi."

Anadina lofiiralo. Nsalu yonse inasanduka ya buluu, pakati pali timawu tiwiri ta Chingerezi tonena kuti palibe chimene chikufika. Mawu okha ndiwo ankamveka, chifukwa nthambo zake zinalumikizidwa ku wailesi. Tinamva kwaya, tinamva mwana akulira, kenako kuseka kwa achemwali.

"Ndi Esinati ameneyo!" bambo anafuula. "Nanga ali kuti?"

M'katoni munali kabuku ka malangizo, ndipo palibe amene anakatsegula. Ndinakatenga n'kukhala pamene kuwala kunkalowera pampata wa bulangeti. Chingerezi chake sichinali chovuta. Kanati makinawo ali ndi makomo angapo, lina la kompyuta, lina la vidiyo, ndipo uyenera kuwauza khomo limene chithunzi chikudzera. Ku ofesi ankawagwiritsa ntchito ndi kompyuta, choncho ankadikirira pakhomo lolakwika. Batani losinthira linali lachitatu kuchokera pa lofiira lija.

Ndinagwada monga ndinaphunzitsidwira. "Amalume, bukuli likuti…"

"Bukuli likuti!" amalume anatero, akutembenukira kwa bambo. "Alamu, mwana uyu mumamudyetsa chiyani? Fomu 1 yomweyi wayamba kuphunzitsa anthu a mu ofesi?"

Anthu anaseka. Mayi ananditsina pantchafu n'kunong'ona kuti, "Tiyamike, usandichititse manyazi." Ndinakhala chete.

Ndinakhala chete ola limodzi ndi mphindi makumi anayi. Wotchi inali pakhoma, ndinkaiyang'ana. Amalume anazula nthambo n'kuiuzira mpweya, anaibwezera, anasinthanitsa yachikasu ndi yoyera, anabweza kaseti koyambirira kanayi. Anati vuto ndi makaseti a ku Joni. Anati vuto ndi deki ya aneba, ndipo mwini deki anayankha kuti deki yake yaonetsapo maukwati asanu popanda kudandaula. Nthawi yonseyo bambo ankayang'ana nsalu ya buluu osaphethira, khosi litatambasuka, thukuta likutsikira mukolala ya jekete.

Itadutsa fili koloko, amalume anatuluka kukaitana munthu wa nyumba yoonetsa vidiyo kumsika. Ndinadzuka n'kudina batani lachitatu lija kawiri.

Chithunzi chinabwera. Achemwali anadzaza khoma lonse, atavala zoyera, mwana ali m'manja. Koma anali chadodolido, mapazi kudenga, mutu pansi. Chifukwa chake ndinali nditachiwerenga kale patsamba lotsatira. Ku ofesi makinawo ankawapachika kudenga chafufumimba, ndiye anawachuna kuti azitembenuza chithunzi. Kuti chiongoke pankangofunika kudina katatu.

"Mayo ine! Malodza!" azakhali anakuwa ataika manja kumutu. "Munthu wamoyo mukumuimika mutu pansi pamaso pa wodwala? Mukumulosera chiyani mlongo wanga? Zimitsani!"

Amayi awiri anathamangira panja. Bambo anagwira mkono wa mpando.

"Chabwera? Ndikuona choyera. Tiyamike, ndi chiyani chimenecho?"

"Dikirani pang'ono, bambo, nditembenuze."

Ndinali nditadina kamodzi pamene amalume analowa, atamva phokoso ali pamsewu. Anandimenya padzanja, kenako anasolola nthambo yamagetsi kukhoma. Patsamba loyamba la kabukuko panali chenjezo la zilembo zikuluzikulu loti usazule nthambo makina ali otentha. Atabwezera nthamboyo, makina sanayakenso. Kanyali kofiira kokha ndiko kankaphethira. Galimoto ya bungwe inafika kutatsala mphindi khumi ndi zisanu kuti ikwane folo, dalaivala anati iye za makina sadziwa, ndipo ananyamula katoni. Ndisanabweze kabukuko ndinakopera masamba awiri onena za mabatani aja m'kope langa, ndikulira pakhonde, ndipo alipobe.

Powanyamula kubwerera kuchipinda, bambo anandiitana. "Choyera chija, inali diresi kapena mwana?"

"Inali shawelo ya mwana," ndinatero.

"Ndiye ndamuonako pang'ono."

Inali diresi. Bungwelo silinabwereketsenso makinawo, ndipo bambo anamwalira patapita masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Achemwali ataimba foni kufunsa ngati bambo anamuona mdzukulu wawo, ndinati anamuona. Sindinawauzepo zina mpaka lero.

Zaka zambiri mkwiyo wanga unali pa amalume. Kenako unasamukira kwa azakhali. Onse awiri anapita, ndipo nditaiunika bwino nkhaniyi ndapeza kuti amalume ankaopa kuchotsedwa ntchito, azakhali ankaopa kutaya mlongo wawo, ndipo munthu wamantha sawerenga buku. Chimene sindinachikhululukire ndi ola lija ndi mphindi makumi anayi. M'chipinda monse munthu wodziwa chochita anali mmodzi, ndipo anagwada pansi n'kutseka pakamwa chifukwa anauzidwa kuti umenewo ndiwo ulemu. Ndikanaumirira pachiyambi, pakanakhala nthawi yofotokoza, nthawi yoti azakhali akuwe n'kutonthola, nthawi yoti makina azizire n'kuyakanso. Ndikanamenyedwa, inde, koma ndinamenyedwabe.

Lero ndine mkulu wa mpingo, ndipo ndimakhala pamisonkhano yambiri. Ndimaona akuluakulu atazungulira chinthu chimene sakuchidziwa, mwana wochidziwa ataima pakhomo kudikira chilolezo cholankhula. Ndikamuitana, anzanga amandiyang'ana ngati ndatukwana. Ndikanakonda kulemba kuti tinasintha, koma sindilemba zimene sindinazione. Timati mawu a akulu amakoma akagonera, koma sitinakonze mwambi wa tsiku limene mawu oona ali m'kamwa mwa mwana, ndipo wowadikira alibe masiku ogonera. Ndinaphunzira kuti pali kukhala chete kumene anthu amakuyamikira, koma wolipira n'kukhala wina. Kwathu wolipira anali bambo anga, amene anavala jekete n'kumetedwa ndevu kuti akumane ndi mdzukulu wawo, n'kuthera masana onse akuyang'ana nsalu ya pabedi.