Zimene Mayi Ketulo Ankalemba Kuseri kwa Fomu

Mayi amene aliyense ankawatcha Mayi Ketulo anagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi pa ofesi ya bungwe lina lothandiza anthu pa mavuto. Zaka zisanu ndi chimodzi zoyambirira ntchito yawo inali kusesa, kukolopa ndi kuphika tiyi, ndipo dzinalo linachokera pomwepo. Kakhitchini kawo kanali kuseri kwa ofesi, kopanikiza moti munthu akatambasula manja ankakhudza makoma onse awiri. Munali sitovu, shelefu ya makapu osafanana, ndi kawindo koyang'ana pamene ankaimika galimoto. Iwo ankadziwa kapu ya aliyense, ndipo ankadziwanso amene wachoka kunyumba atayambana ndi mkazi wake pongomva mmene wapemphera shuga.

Lero ndi okalamba ndipo mawondo anawakana. Koma mukawafunsa za masiku amenewo, amayamba akonza mpango wa kumutu, kenako n'kukhala tsonga ngati munthu woti anyamuka pompano.

Anali mayi wamasiye. Amuna awo, amene ankakonza injini za sitima, anamwalira n'kuwasiyira ana aakazi awiri ndi nyumba ya zipinda ziwiri kumbuyo kwa msika. Bambowo kwawo kunali kuseri kwa mapiri, kumene anthu amalankhula chilankhulo china, ndipo Mayi Ketulo anachiphunzira m'banja momwemo. Anayamba ndi mawu onyogodolana, kenako nyimbo zogonekera ana, mpaka kufika pokangana nacho osapunthwa. Koma kuchimunako sanalandiridwe. Tsiku loyamba kupitako, mlamu wawo wamkulu, mlongo wa amuna awo, anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kuuza bambowo, poganiza kuti mlendoyo sakumva, kuti: "Tauni yonse ija, ameneyu ndi amene unamupeza?" Pa maliro a bambowo mlamuyo anabwera, sanapereke moni kwa wina aliyense, ndipo pobwerera ananyamula jekete ndi wotchi ya malemuyo. Zitatero, kulankhulana kunathera pomwepo.

Ndiye kunabwera chaka chimene nkhondo inabuka kuseri kwa mapiriko. Anthu anayamba kufika m'tauni, ena m'mabogi a sitima ya katundu, ena wapansi mapazi atatupa. Anawaika m'nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu zimene zinali kumbuyo kwa siteshoni. Ofesi ija inapatsidwa ntchito yokafufuza kuti anthuwo alipo angati ndipo akusowa chiyani, kuti thandizo likamabwera lisakhale longoganizira.

Tsiku loyamba anapitako anthu atatu: bwana wa ofesi, amene ankamutcha Abwana Changu chifukwa mawu amenewo sankachoka pakamwa pawo, kalaliki, ndi dalaivala. Anabwerako masana mafomu ali mbee, chifukwa panalibe amene ankamva chilankhulo cha anthuwo. Mayi Ketulo akuthira tiyi, kalaliki uja anayamba kufotokoza za mayi wina amene anamukoka malaya n'kumabwereza mawu amodzimodzi. Anawatchula mawuwo mokhotetsa pakamwa n'kunena kuti, "Basi ndiye kuti njala imeneyo."

Mayi Ketulo anaika ketulo patebulo.

"Si njala ayi, achimwene," anatero. "Akunena kuti mwana wake wasowa."

Abwana Changu anavula magalasi n'kuwayang'ana ngati akuwaona koyamba.

"Mayi, chilankhulo chimenechi mumachimva?"

"Ndinagona nacho nyumba imodzi zaka khumi ndi zitatu, bwana."

M'mawa mwake anakwera nawo galimoto, atavala diresi lawo la kutchalitchi. Dalaivala anawatsegulira chitseko chakutsogolo n'kuwerama mwanthabwala. "Khalani apa, mayi. Lero mwakwezedwa, koma musatiiwale ife a tiyi wa masipuni atatu."

Nyumba za katunduzo amazikumbukirabe ngati kuti anatulukamo dzulo. Denga linali la malata, lalitali, mpheta zikuuluka m'mwamba. Pansi panali simenti yokhala ndi mizere yachikasu yosonyeza poika matumba, ndipo mabanja anagawana malo motsatira mizere yomweyo, akutchinga ndi makatoni ndi nsalu zomangirira pa zingwe. Munkanunkha feteleza wakale, utsi ndi thukuta. Mpopi unali umodzi, panja. Mwana wa mayi uja anapezeka tsiku lomwelo m'nyumba yachiwiri, atagona pamiyendo ya agogo ena amene sankamudziwa n'komwe.

Fomu inali ya masamba anayi, yodzaza ndi timabokosi: chakudya, madzi, pogona, mankhwala, sukulu. Kalaliki ankafunsa, Mayi Ketulo n'kumasulira, iye n'kuchonga. Mayankho ankangofanana: ufa, mabulangeti, mankhwala a chifuwa. Abwana Changu ankakondwa chifukwa ntchito inkayenda.

Koma panali mtsikana wina wapabanja amene Mayi Ketulo anamuona masiku atatu otsatizana atakhala pa thumba limodzimodzi. Anzake akamathamangira kumzere wa madzi, iye sankadzuka. Atamufunsa ngati akudwala, anangoyang'ana kalaliki n'kuweramitsa mutu.

"Achimwene, tapitani mukaone ngati galimoto idakalipo," anatero Mayi Ketulo.

"Ipita kuti, poti makiyi ali ndi adalaivala?"

"Ingopitani mukaione. Muione bwinobwino, matayala onse anayi."

Kalaliki atachoka, mtsikanayo ananong'ona kuti ali kumwezi ndipo alibe nsalu ngakhale sopo. Amayi ena anayandikira, mmodzi mmodzi, mpaka anakwana khumi ndi awiri. Zimbudzi zinalibe zitseko, ndiye ambiri ankadzimana madzi akumwa kuti asapiteko masana. Ena anathawa opanda chovala chamkati chosinthira. Zonsezi pa fomu zinalibe kabokosi. Mayi Ketulo sukulu sanapite nayo patali, koma kulemba ankatha. Anatembenuza fomu, kunyambita nsonga ya pensulo, n'kuyamba kulemba kuseri ndi zilembo zawo zikuluzikulu zopendekera.

Kuyambira tsiku limenelo kuseri kwa fomu iliyonse kunkadzaza. Singano ndi ulusi. Chipeso. Lezala la bambo wina wokalamba amene ankabisa nkhope chifukwa moyo wake wonse anali asanaonekepo pagulu ndi ndevu. Magalasi a mphunzitsi amene anafuna kuphunzitsa ana koma sankaona zilembo. Mayi wina anapempha khasu, ati manja akumuyabwa.

"Kodi akundiipitsira mafomu ndani?" anafuula Abwana Changu Lachisanu lake. Anatenga imodzi n'kuyamba kuwerenga chiimire. Anatenga yachiwiri n'kukhala pansi. Atamaliza mulu wonse anawaitana.

"Mayi, tsache lija mulisiye. Lolemba tikhale pansi tiwonjezere tsamba lachisanu, ndipo mafunso ake munena ndinu."

Zitseko za zimbudzi zinaikidwa mlungu wotsatira. Amene anadandaula ndi dalaivala yekha, ati tiyi wophika kalaliki ankamveka ngati madzi otsukira injini.

Mlungu wachitatu anafika m'nyumba yomalizira, ya kufupi ndi njanji. Pakona panakhala mayi wokalamba yekhayekha, wowonda, atavala jekete lachimuna. Mayi Ketulo anayamba kuzindikira jekete asanazindikire munthu. Chigamba cha pachigongono anasoka ndi iwo omwe, ndi ulusi wobiriwira chifukwa wakuda unali utatha. Mlamu wawo anakweza maso, kuwayang'ana, n'kuyang'ananso kumbali.

Kalaliki, amene sankadziwa kanthu, anatsegula fomu. "Afunseni kuti pabanja pawo alipo angati."

Mayi Ketulo anagwada monga ankachitira kwa wamkulu aliyense. "Alamu, akuti mulipo angati pabanja panu?"

"Asanu ndi awiri."

"Enawo ali kuti?"

"Ndati asanu ndi awiri. Lembani zimenezo."

Kalaliki anati lamulo n'kulemba okhawo amene akuoneka, ndipo m'kabokosi analemba mmodzi. Mayi Ketulo anatenga fomuyo n'kulemba kuseri mayina asanu ndi limodzi, ndipo ambiri mwa iwo sanachite kufunsa. Anali ana amene anawanyamulapo ali makanda.

"Nanga mukusowa chiyani, alamu?"

"Palibe."

"Bulangeti muli nalo?"

"Ndati palibe." Anasisita batani la jekete. Kenako anafunsa, maso ali pansi: "Manda a mlongo wanga alipo amene amawasesa?"

"Ndimasesa ndine."

Mayi wokalambayo anagwedeza mutu.

Loweruka m'mawa akuchapa, Mayi Ketulo anauza ana awo za mlamuyo. Wamkulu anasiya kufinya malaya. "Amayi, mwaiwala zimene anatichita azakhali amenewo? Ngakhale moni sanatipatse, ife tikulira."

"Sindinaiwale. Ndingowaperekeza kumanda basi, akaone n'kubwerera."

Lamlungu anakawatenga. Kumandako mlamuyo anagwada n'kuzula udzu umene unalipo, ngakhale unali wochepa, ndipo analankhula ndi mlongo wake nthawi yaitali ngati akumuuza nkhani za kumudzi. Pobwerera dzuwa linali litakula, ndiye anapatukira kunyumba kuti amwe madzi. Alamuwo atakhala pampando tulo tinawaba pomwepo, pakamwa pali yasa. Mwana wamkulu uja anawayang'ana, kenako analowa kuchipinda n'kukasuntha bedi lake kuti papezeke malo a matiresi ena. Azakhaliwo anakhala m'nyumba imeneyo zaka zinayi.

Mayi Ketulo akafika pamenepa amaseka mpaka kupukuta misozi. Akuti palibe tsiku limene linadutsa osakangana. Ankakangana za mchere, za kayanikidwe ka zovala, za amene wasiya chitseko chosatseka. Mlamuyo ankati Mayi Ketulo amalankhula chilankhulo chakwawo ngati munthu amene wavwira mbatata yotentha, ndipo ankawakonza mawu ngakhale pamaso pa alendo. Koma akaweruka kuntchito ankapeza madzi osamba atatenthetsedwa, ndipo ana, amene chilankhulo cha bambo awo anali atachiiwala, anayambanso kuchilankhula.

Ndi mlamu yemweyo amene anawaphunzitsa kafunsidwe. Madzulo ena akusankha nyemba pakhonde anati, "Inu mumafunsa mopusa. Munthu wataya zonse, inu n'kumati ukusowa chiyani. Ayambira pati? Muzimufunsa kuti kwanu kuja, kukacha unkayamba ndi kuchita chiyani. Akamafotokoza, mumva nokha chimene chikusowa." Mayi Ketulo anayesa m'mawa mwake, ndipo anthu amene ankayankha ndi mawu amodzi anayamba kulankhula mpaka pensulo kutha. Patapita zaka ankaphunzitsa funso lomwelo kwa ofufuza atsopano, ena a iwo ophunzira kwambiri, ndipo sankabisa kumene analitenga.

Mwa mayina asanu ndi limodzi aja, anapezeka awiri: mwana wamwamuna wa mlamuyo ndi mdzukulu mmodzi, amene anatulukira kutauni ina chaka chachiwiri. Enawo sanamvekenso. Mlamuyo sankawatchula, koma galimoto ya ofesi ikaima pakhomo madzulo ankatuluka n'kuima pakhonde, kuyang'ana nkhope ya Mayi Ketulo, kenako n'kulowanso m'nyumba.

Nkhondo itatha kunabwera malole odzatenga anthu. Nyumba za kusiteshoni zinakhalanso za matumba. Mlamuyo anapakira katundu wake m'chikwama chimodzi, anapsompsona ana, ndipo kwa Mayi Ketulo anangoti, "Mudzabwere mudzaone ngati nyumba idakalipo." Nyumba ya zipinda ziwiri ija inakula mwadzidzidzi. Mayi Ketulo akuti kwa miyezi ingapo ankatulutsabe makapu anayi.

Ofesi inapitiriza zaka zina zingapo, kenako inatsekedwa. Lero m'nyumbamo amagulitsamo penti ndi misomali. Abwana Changu anasamukira kutali, dalaivala anamwalira, kalaliki ali ndi zidzukulu. Mayi Ketulo amanena motsitsa mawu, ngati akuulula tchimo, kuti zaka zimene anthu ena ankalira ndi zimene iwo anadzimva kuti ndi munthu wofunika, ndipo mpaka lero sadziwa kuti zimenezi aziike pati mumtima mwawo.

Kuseri kwa mapiri Mayi Ketulo anapitakonso kamodzi, atapuma pa ntchito. Basi inatenga tsiku lathunthu. Anapeza nyumba ili ndi denga latsopano koma makoma akadali akuda ndi utsi, ndipo amayi awiri okalambawo anatha milungu iwiri akupaka laimu, wina atagwira makwerero, wina ali pamwamba, akukangana za amene wasiya mizere. Madzulo ankakhala panja n'kumawerenga nyumba za anansi, iyi abwerera, iyo ayi. Tsiku lonyamuka mlamuyo anawaperekeza mpaka pamsewu, mtunda umene miyendo yake sinkayeneranso kuyenda, ndipo anaima pomwepo mpaka basi inakhota.

Mlamuyo anamwalira dzinja lotsatira. Mvula inali itadula msewu, moti uthenga unafika maliro ataikidwa kale. Anaubweretsa ndi mwana wake wamwamuna uja, amene anati amayi ake anamulamula kuti asalembe kalata, akanene ndi pakamwa. Mayi Ketulo anamuyalira m'chipinda chimene ankagona amayi ake. Anakhala masiku atatu, akuwafotokozera za matenda ndi za maliro, ndipo iwo ankamubwereza mafunso omwewo kuti asasiye kulankhula. Tsiku lachinayi anamuperekeza kukakwera basi.