Sukulu Imene Inasenzedwa Pamutu

Inu amene mukuti moyo wakukanani, tamverani za Hashimu, mwamuna wa ku Machinga amene anaphunzira kuwerenga ali ndi ndevu zake.

Tsiku limene zinthu zinafika poipa, Hashimu anali chilili pabwalo la nyumba ina yaikulu ku Al Messila, mumzinda wa Doha, m'dziko la Qatar. Kapinga yense anali atapsa. Maluwa amene mayi a panyumbapo ankanyadira anali atazolika. Hashimu anali atapopera mankhwala opha udzu poyesa kuti ndi feteleza wamadzi. Mabotolo ake anali ofanana, ndipo iye sankatha kuwerenga.

Mayi aja anakalipa mpaka mawu anasasa. Kenako kunabwera kapitawo wa kampani yosamalira maluwa imene inalemba Hashimu ntchito. Iyeyu sanakalipe. Anangoti nyengo yotentha ikatha, aliyense wogwira mankhwala adzalemba mayeso m'Chingerezi, ndipo wolephera adzakwezedwa ndege. Ku Machinga kunali mkazi ndi ana atatu, onse maso ali ku Doha.

Musafulumire kumuseka. Umbuli wa Hashimu unali wochita kusiyirana. M'nthawi ya atsamunda, agogo ake anakana kutumiza ana kusukulu ya mishoni, chifukwa mwana ankapita ali Asani n'kubwerako ali Andireya. Atsamunda anapita, mantha anatsala. Bambo ake a Hashimu anamuchotsa sukulu asanadziwe n'kulemba dzina lomwe. Ku madrasa anaphunzira kutchula zilembo za Chiarabu, koma zimenezo sizinamuuze chimene chinali m'botolo. Zimandiwawa kuti mwana analipira mlandu wa anthu amene sanawaonepo.

Amalawi anzake nawonso sanamuchitire chisoni. Ankamutcha Chidindo, chifukwa pamene ena akusaina iye ankadinda chala. Amene ankatsogolera kusekako anali Fahadi, mlonda wogona naye chipinda chimodzi.

Amene anamumvera chisoni anali mlendo. A Somapala anali dalaivala wa panyumba paja, bambo wachikulire wa ku Sri Lanka, wa chipembedzo cha Chibuda. Awiriwa ankamvana m'Chingerezi chothyokathyoka chosakaniza ndi Chiarabu cha pantchito. M'nyengo yotentha ntchito zapanja zimaima masana, ndiye pa nthawi imeneyo a Somapala anamuitanira pamthunzi kuseri kwa galaja. Anasalaza mchenga ndi dzanja n'kulembapo chilembo choyamba cha dzina lake. Choko analibe, koma mchenga ndiye ku Qatar susowa.

Masabata angapo zinayenda. Chala chimene chinazolowera kudinda chinayamba kulemba.

Lachisanu lina a Somapala anamutenga kuchikondwerero. Anthu a ku Sri Lanka amene anaphunzira pasukulu imodzi ndi iwo ankakumana chaka chilichonse kukumbukira tsiku limene sukuluyo inatsegulidwa. Hashimu anapita poganiza kuti ndi mpunga basi. Atalowa muholo anaona chithunzi cha Buda chitazunguliridwa ndi maluwa. Kutsogolo kunakhala nkhalamba ina, mphunzitsi wakale wa sukuluyo amene anabwera kudzacheza. Amuna akuluakulu, ena a mataye, ankapita mmodzimmodzi, kumupatsa masamba ena ake obiriwira, kenako kugwada mpaka chipumi kufika kumapazi ake. A Somapala nawonso anagwada.

Hashimu anatuluka mpunga osaulawa. Chipumi chake chimagunda pansi chifukwa cha Mulungu yekha. Anaona ngati wagwa mumsampha umene agogo ake anauthawa.

Fahadi atamva anaseka chikhakhali. "Aise, ndinakuuza ine. Ku Doha kuno kulibe cha free. Lero malesoni, mawa ukugwadira mdala Somapala uja, mkuja akusintha dzina. Khalas, basi, Hashimu watha!"

Kuyambira pamenepo Hashimu anayamba kubisala. Masana akakwana ankakakhala kuseri kwa thanki yamadzi, thukuta lili kamukamu. Masiku a mayeso ankayandikira, iye n'kumaiwala ngakhale zochepa zimene anadziwa. Anali atasankha: bola kupita kwawo chimanjamanja kusiyana n'kugwadira munthu.

A Somapala anamupeza komweko. Hashimu sanabise. "Bambo, ine ndine Msilamu. Sindingakugwadireni."

Mkuluyo anakhala pansi pamchenga wotenthawo n'kumufotokozera mbiri ya sukulu yawo.

Zaka zoposa zana zapitazo, dziko lawo nalonso linali m'manja mwa Angerezi. M'tauni ya kwawo munali sukulu imodzi yokha, ya mishoni. Mwana wa Mbuda akafuna zilembo ankayenera kuloweza katekisimu, kumva aphunzitsi akunyoza chipembedzo cha makolo ake, ndipo ambiri ankatulukamo ndi dzina lina. Agogo awo a Somapala anakwapulidwapo chifukwa chojomba tsiku la mapemphero a kukachisi wa kwawo. Makolo ambiri anangosunga ana kunyumba.

Hashimu anadzutsa mutu. Nkhaniyi ankaidziwa, kungoti kwawo inathera pomwepo.

Kwa a Somapala sinathere pomwepo. Wansembe wina wa Chibuda, kalipentala ndi amalonda angapo anamanga chisakasa cha masamba a kokonati n'kuchitcha sukulu. Boma la atsamunda linakana kuivomereza, ati yayandikira kwambiri sukulu ya mishoni. Anthu sanapite kukadandaula kwa amene anawakanawo. Anazula nsanamira, anasenza denga pamutu, amuna ndi akazi omwe, n'kukaimanganso patali, kutsidya kwa minda ya mpunga. Thandizo la boma silinabwerebe. Ndiye mayi aliyense akamaphika ankatapa mpunga wodzaza dzanja limodzi n'kuika padera, kuti mphunzitsi asafe ndi njala. Masileti kunalibe, ana ankalemba pamchenga. Chaka china chisakasacho chinapsa, wotentha osadziwika, ndipo anamanganso. Lero ndi sukulu ya nyumba zosanjikizana.

"Aphunzitsi athu timawagwadira chifukwa chofuna tokha," anatero a Somapala. "Sukulu imeneyo anaimangira kuti mwana asagule zilembo ndi chikhulupiriro chake. Iwe ukandigwadira mtima ukukana, ndiye kuti makolo athu anasenza denga lija pachabe."

Chapatali kunamveka kuitana kwa kumzikiti.

"Yalla, pita ukaswali," anatero mkuluyo. "Ukabwera tiyambira pamene unathawira."

Anabwera. Ndipo kuyambira tsiku limenelo anaphunzira ngati munthu amene akuthamangitsidwa. Ankatola mabotolo otha n'kumawerenga mawu ochenjeza amodziamodzi. M'basi yopita kuntchito ankawerenga zikwangwani mokweza, anzake n'kumatsinana. Tsiku lopuma, ena akujambulitsa m'mbali mwa nyanja ku Corniche, iye ankalimbana ndi mayina a mankhwala otalika ngati njanji. Mutu unkawawa. Zina ankaphunzira lero, mawa zauluka, a Somapala n'kusalazanso mchenga osadandaula.

Mukuganiza kuti dziko linawombera m'manja? Ayi ndithu. Mayeso atatsala pafupi, abwana a panyumba paja anauza a Somapala kuti akalamba, kontilakiti yawo siwonjezeredwanso. Munthu amene anayendetsa ana a panyumbapo kuyambira ali makanda mpaka kukula anangouzidwa kuti alongedze. Tsiku limene ankanyamuka, kampani inali itatumiza Hashimu kukadulira mitengo kudera lina, ku Al Waab. Pobwera anapeza galimoto ili ndi dalaivala wina, wachinyamata. Sanatsanzikane.

Hashimu analira, ndipo sindikuona chifukwa chobisira. Koma masana otsatira anapita kuseri kwa galaja yekha, anasalaza mchenga, n'kupitiriza.

Tsiku la mayeso ankawerenga funso lililonse chala chili papepala, akutchula mawu chapansipansi. Anzake anamaliza n'kutuluka, iye akadali pakati. Woyang'anira ankangoyang'ana wotchi. Hashimu anapereka pepala lake womaliza, malaya atanyowa.

Zotsatira zinachedwa, koma zinabwera. Anakhoza. Sanakhoze mwapamwamba, anadutsira pakhomo lopapatiza, koma ndege inanyamuka popanda iye. Fahadi anangoti, "Mashallah, aise," n'kuyang'ana kumbali. Lero Hashimu ndi kapitawo, ndipo makiyi a chipinda chosungiramo mankhwala amasunga ndi iyeyo. Ana ake onse ali pasukulu.

Atangomva zotsatirazo, anatenga foni n'kulembera a Somapala uthenga ndi manja ake, osapempha munthu. Unali wa mawu ochepa, masipelo okhota. Yankho linabwera kuchokera kwa mwana wawo wamkazi. A Somapala anali atamwalira ndi matenda a mtima, atangokhala kwawo kanthawi kochepa. Hashimu anawerenga yekha uthengawo, mawu onse, mpaka kumapeto. Panalibenso woti amuwerengere n'kumubisirako zina.

Sindikunamizani kuti nkhaniyi ndi yokoma. Hashimu anataya ubwana wake chifukwa cha nkhanza za anthu ena ndi mantha a makolo ake, ndipo palibe amene adzamubwezere. Mphunzitsi wake anatayidwa ngati tayala lakutha, n'kufa osamva kuti ntchito yake inabala. Dziko ndi lotero, silipepesa.

Koma inu amene mukuti mwachedwa, mwachedwa kuposa ndani? Amene anakutsekerani chitseko sadzabwera kudzakutsegulirani, ndipo amene angakuthandizeni mwina si wa mtundu wanu, si wa mpingo wanu, komanso sakhala nanu mpaka kalekale. Mukamupeza musamuthawe, phunzirani akadalipo. Mtima uwawe momwe ungawawire, koma musautaye.