Momwe Tinagulira Nyumba ya Aphunzitsi

Bambo a kunyumba kwanga anagulitsa nyumba ndi malo a anthu ena pa Golomoti kwa zaka zambiri, ife eni ake tikukhala ya lendi kuseri kwa chigayo. Anthu ankawatchula kuti ejenti. Munthu akafuna kugulitsa puloti kapena munda ankabwera kwa iwo, iwo n'kumupezera wogula, n'kulandirapo kangachepe. Inali nthawi imene mpunga wa ku Bwanje unayamba kukoka anthu, ndipo a m'tauni ankatsika kudzafuna malo m'mbali mwa tala. Ine ndinkagulitsa mpunga womwewo pamsika.

Chaka china kunabwera aphunzitsi opuma ntchito, amene anaphunzitsa bambowo ali mwana ku Mua. Akazi awo anali atamwalira, ndipo mwana wawo wamkazi ankafuna kuwatenga kuti azikakhala nawo ku Salima. Aphunzitsiwo anawauza bambo kuti awagulitsire nyumba.

Ndinakaiona popita kumaliro, ndipo mtima wanga unatsala komweko. Inali ya njerwa zootcha, yamalata, pamtunda pomwe madzi a dzinja safika, mitengo ya mango itaizinga, mjigo uli pafupi.

"Bambo, nyumba imene ija bwanji osagula ife?" ndinawafunsa nditabwerako.

"Mayi, musayambe," anatero. "Aphunzitsi andituma kuti ndiwapezere mtengo wabwino. Ndikakhala wogula ndine ndemwe, ndikokera mbali iti? Ndikatsitsa, anthu ati ndabera nkhalamba. Ndikakweza, ndadzipweteka ndekha. Komanso ndinganenerere bwanji kwa munthu amene anandiphunzitsa kugwira pensulo?"

"Ndiye pezani wina atilankhulire."

Anaseka. "Ine ejenti, ndikafune ejenti? Golomoti yense andiseka."

Tsiku la msika litadutsa ndinakwera minibasi kupita ku Mtakataka, kumene kunali ejenti wina, mkulu wachisilamu amene kale ankagulitsa nsomba zouma. Iyeyu ndi bambo sankamwerana madzi, chifukwa ankalimbirana makasitomala. Ndinamupeza atakhala pakhonde la sitolo, ndipo nditafotokoza anaseka mpaka kofia inapendekeka.

"Ometa sadzimeta okha, mama," anatero. "Ndikuthandizani, inshallah. Koma amuna anu abwere ndi miyendo yawo, ndipo aphunzitsi auzidwe poyera kuti wogula ndani. Zogula mobisala ine ayi."

Nditawauza bambo, anakwiya zedi. Anati ndawavula pamaso pa mdani wawo, ndipo kwa kanthawi ndithu ankangondiyankha ndi mutu.

Chimene chinawafewetsa ndi wogula wina wa ku Lilongwe amene iwo omwe anamupeza. Munthuyo anayendera malowo ali pafoni, nyumbayo osayiyang'ana n'komwe. Anati agwetsa zonse, adula mango, amanga malo ogona alendo ndi bala. Bambo anakanena kwa aphunzitsi mtengo umene munthuyo anatchula, osachotsapo kanthu, pakuti ndiyo inali ntchito yawo. Aphunzitsi anayang'ana mitengo imene akazi awo anabzala. Pamenepo bambo anaulula kuti nafenso tinkaifuna nyumbayo, koma ankaopa kunena.

"Ndiye umabisiranji, iwe?" aphunzitsi anawakalipira ngati ali m'kalasi. "Ine sindikuuza kuti ndikupatsa yaulere. Koma nena, tikambirane."

Bambo anati kuyambira tsiku limenelo sakhalanso ejenti wa aphunzitsi pa nyumbayo, ndipo salandirapo kanthu. Anapempha kuti mwana wa aphunzitsi abwere kudzalankhulira bambo ake. M'mawa mwake anavala malaya awo abwino n'kupalasa njinga kupita ku Mtakataka. Zimene anakambirana ndi mkulu uja sanandiuze, koma anabwera ndi thumba la usipa limene anapatsidwa kumeneko.

Tsiku lokambirana tinakhala pansi pa mango. Mbali ina kunali aphunzitsi ndi mwana wawo, mayi wamaso akuthwa wogwira ntchito kuchipatala, pamodzi ndi abale awiri ndi nthumwi ya amfumu, amene mkulu wa ku Mtakataka anaumirira kuti aitanidwe. Mbali inayi kunali ife, mkuluyo ali patsogolo pathu.

Mkuluyo anayamba ntchito yake. Anazungulira nyumba akugogoda mitanda ya denga ndi ndodo, n'kuonetsa pamene chiswe chinadya. Anati chimbudzi chatsala pang'ono kudzaza. Bambo anayamba kutekeseka pampando. Zaka zonsezo pakamwa pawo panazolowera kutama katundu, ndipo anapirira mpaka analephera.

"Komatu malata awa ndi olimba," bambo anatulutsa mawu. "Masiku ano simungawapezenso. Ndipo malo ngati ano, pafupi ndi tala chonchi..."

Ndinawatsina m'nthiti. Mkulu uja anatembenuka pang'onopang'ono.

"Achimwene, lero ndinu wogula. Wogula satama katundu. Ngati pakamwa pakuyabwa, tolani mango mudye."

Anthu onse anafa nacho chikhakhali, ndi aphunzitsi omwe. Mwana wawo anati, "Asiyeni apitirize, akundithandiza ntchito." Bambo anagwira pakamwa ndi dzanja, ndipo anakhaladi choncho mpaka pamapeto.

Mayi uja sanali wofewa. Mkulu akatsitsa iye ankakweza, ndipo penapake ndinaona ngati zalephereka, moti ndinayamba kumanga chitenje kuti tizipita. Mkuluyo anandikodola kuti ndikhale pansi. Anapempha kuti tiloledwe kupereka gawo lalikulu tsopano, lotsalalo mpunga ukakololedwa, ndipo posinthana ndi zimenezo mtengo usatsike kwambiri. Mayiyo anakumbutsa kuti wa ku Lilongwe ankapereka zonse nthawi imodzi.

"Nyumba ndi yanga," anatero aphunzitsi. "Ndasankha awa. Nonse mwamva, pasadzapezeke wonena kuti andinyengerera."

Abale aja anavomera, nthumwi ya amfumu inavomeranso, ndipo tinagwirana chanza.

Mawu anatulukabe pamsika, monga mmene bambo ankaopera. Wina anati ejenti wadyera nkhalamba masuku pamutu. Koma sanapite patali, pakuti amene analipo anali ambiri, ndipo mmodzi wa abale a aphunzitsi anayankha yekha pamaso pa anthu kuti mtengo anaumenyera ndi mwana wa mwini nyumba. Chodabwitsa n'chakuti ntchito ya bambo inakula. Anthu ankati munthu amene anakana kudzigulitsa yekha katundu wa mnzake ungathe kumusiyira malo osaopa.

Tinasamuka mpunga utakololedwa. Ndinakana zobwereka galimoto. Ndinafuna ngolo ya ng'ombe, ndipo ndinauza woyendetsa kuti adutse pakati penipeni pa msika. Ndinakhala pamwamba pa matilesi, poto wamkulu ali pamiyendo, ana akuthamanga m'mbali. Anzanga ogulitsa mpunga anasiya malichero awo n'kuimba nthungululu, ena akuvina kutsogolo kwa ng'ombe mpaka minibasi zinaima, madalaivala akuliza mahutala. Bambo ankayenda pambuyo akukankha njinga, akunamizira kuchita manyazi, koma aliyense wowapatsa moni ankamuonetsa makiyi.