Kofia ya a Selemane ndi zipere za akwati

Ku Meluluca, mudzi wa m'mbali mwa nyanja, munthu akakuuzani kuti anaonapo pamutu pa a Selemane Alawi m'zaka za nkhondo 1989 isanafike, dziwani kuti ndi wabodza. Kofia yawo yoyera, yopetedwa ndi ulusi wobiriwira, sinkachoka. Ngakhale potawaza kumzikiti, posamba asanapemphere, ankangolowetsa zala zonyowa kunsi kwake n'kuzitulutsa msanga ngati munthu wakuba ndiwo mumphika.

Kale anali munthu wa chombo. Ankatenga usipa wouma kupita nawo ku Mbamba Bay, pobwera atadzaza mchere ndi nsalu. Nkhondo itafika m'mbali mwa nyanja, anthu a mfuti anabwera tsiku lina n'kutenga chombocho. A mbali iti, a Selemane sankanena. Pa ulemerero wonse uja anatsala ndi zinthu ziwiri: kofia, ndi kabotolo ka mafuta a karafuu, timitengo tonunkhira tija Aswahili amathira mu tiyi.

Kabotoloko ndiko kanawapatsa dzina latsopano. Kuchipatala kunali kutatsala mabenchi okha, namwino atathawira ku Metangula. Sopo anasowa mpaka ana kuiwala fungo lake, ndipo zipere zinabuka m'mudzi monse. A Selemane ankaviika nthenga ya nkhuku m'kabotolo, n'kudonthezera dontho limodzi m'chigoba cha nkhono chodzaza mafuta a nsatsi, n'kupaka pamene pakuyabwa. Ambiri ankati zikuwathandiza. Sankalipiritsa munthu, koma ulaliki wokha sunkaphonya.

"Chipere n'cha anthu oopa madzi," ankatero akupaka. "Nyanja ili pakhomo, inu kusamba mudikira Lachisanu la Ijumaa?"

Kofianso inali ndi ntchito yake. Nkhondo sinaletse anthu kukwatira, koma nsalu kunalibe, ena ankavala masaka. Mnyamata akafuna kumanga ukwati ankabwera ndi amalume ake kudzabwereka kofia ya a Selemane, kuti pamaso pa shehe aoneke ngati munthu. Eni ake ankalowa m'nyumba, kutseka chitseko, n'kutuluka atazenga mpango kumutu, kofia ili m'manja. Zinafika poti ukwati wopanda kofiayo anthu ankauyesa wongobisala.

Chodabwitsa n'chakuti pakapita masabata awiri kapena atatu, mkwati uja ankabweranso akukanda pachipumi, chipere chitazungulira pomwe panakhala mlomo wa kofia. A Selemane sankasowa yankho. Ankati kumeneko n'kutentha kwa banja latsopano. Amayi opita kukatsuka mbale kunyanja anaikonda nkhaniyo, moti mkwati akakhala wosalala pachipumi ankamufunsa mkazi wake ngati kunyumba kuli bwino.

Zoona zake ankazidziwa anthu awiri okha, a Selemane ndi akazi awo a Mwamvita. Pansi pa kofia paja panali chipere cha zaka zitatu, chachikulu kuposa zonse zimene bamboyo anapakapo. Sankadzipaka chifukwa mafuta akanadetsa kofia, ndipo mutu wonunkhira karafuu ukanawaulula asanafike n'komwe pamzikiti. Ankati mafuta ndi ochepa, ayenera kusungira ana. Limenelo linali bodza. Ankachita manyazi basi. Chombo chinapita, malonda anatha, chimene chinawatsalira ndi dzina lakuti ndi munthu waukhondo wochiza anzake.

Mu 1989 mwana wawo wotsiriza, Arafa, anapeza mwamuna, msodzi wofatsa dzina lake Mfaume. Kutatsala masiku awiri kuti ukwati uchitike, a Mwamvita anawapeza amuna awo akusasa fumbi pakofia ili kumutu komweko.

"Imeneyo siikhala pamutu pa mkamwini wanga," anatero mayiwo.

"Mwayamba liti kulamula za kofia?"

"Lero. Kodi mkwatibwi uja Celeste simunamuone? Mwamuna wache anavala kofia yanuyo, tsono mkaziyo chipere chamutuluka patsaya. Mufuna Arafa alowe m'banja ndi nkhope yotero? Anyani kusekana zikundu, bambo. Mwalalikira mudzi wonse za kusamba!"

A Selemane anakwiya kwambiri. Anaganiza zonena kuti kofia yatayika, koma akanayenda bwanji osaivala? Kumukaniza Mfaume popanda chifukwa kukanakhala kumuuza pamaso pa abale ake kuti sakumufuna. Kumupatsa kunali kutumiza chipere m'nyumba mwa mwana wawo yemwe. Tsiku lonse anakhala pakhonde akukanda kudzera pansalu.

M'mawa mwake Mfaume anafika ndi amalume ake awiri, ndipo monga zimakhalira pamudzi, kumbuyo kwawo kunabwera ena ongofuna kuonerera. Anakhala pamphasa, malonje anatha, mmodzi wa amalumewo n'kunena chimene adzera.

Aliyense ankayembekezera kuti a Selemane alowa m'nyumba ndi kutseka chitseko. Sanadzuke. Anagwira kofia n'kuivula pomwepo, anthu onse akuona.

Mutuwo unali ngati munda woti mbuzi zadyamo: apa tsitsi, apa dazi, apo mamba oyera.

"Mwana wanga Mfaume," anatero, maso ali pansi, "mabanja a kuno satentha kuposa a kwina ayi. Chimawatenthetsa ndi ichi. Sindikupatsa kofia chifukwa ndikukufuna."

Woyamba kuseka anali mwamuna wa Celeste uja, yemwe chipere chake chinali chisanapole. Anaseka mpaka kugwira pamimba, enanso n'kutsatira. A Selemane anaopa chiseko chimenechi kwa zaka zitatu, ndipo chitafika chinawawa ndithu. Koma palibe amene ananyamuka kuchoka. Mmodzi wa amalume aja anangoti, "Tsono a Mwamvita, mukudikiranji? Bweretsani kabotolo."

Mayiwo anabweretsa, pamodzi ndi chigoba ndi nthenga. M'kabotolo munali mutatsala pang'ono pansi. A Selemane anayamba kulangiza kuti dontho likhale limodzi, koma akazi awo anawauza kuti wodwala sayankhula. Kofia mayiwo anaiponya mumphika wa madzi owira, ulusi wobiriwira uja n'kusuluka, nsalu yonse kusanduka ngati madzi a chisoso.

Arafa anali ataima pakhomo nthawi yonseyi, lichero lili m'manja. Sanaseke nawo. Anayandikira pang'onopang'ono, n'kuyang'ana mutu wa bambo ake, umene anauona komaliza tsitsi lidakali lakuda.

"Ababa," anatero motsitsa mawu, "kani imvi zonsezi zinabwera liti?"

A Selemane anangoweramitsa mutu kuti mwana wawo awone bwino.